Anyamata a ku Manyamula, kafunseni amene mahatchi anawatopetsa

Ana anga, anyamata a ku Manyamula ndi midzi yozungulira, kufikira ku Embangweni ndi pa boma pa Mzimba, inu amene pasipoti ili kale m'thumba ndi inu amene mukudikira kuti transipota akupezereni malo m'galimoto, pali nkhani imene ife amene tinagwirako ntchito ku Joni sitikuuzani. Timakuchenjezani za apolisi, za mapepala, za atsotsi ndi za lendi. Za mahatchi timakhala duu, chikhalirecho mahatchi anatsekera abale athu ambiri njira yobwerera kumudzi.

Ulendo wa ku Joni sunayambe ndi inu. Agogo anu ankapita pa Wenela, mpaka ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown mu 1974 ndipo boma la Kamuzu linaimitsa ulendowo. Unayambiranso pa TEBA, n'kudzathanso mu 1988. Koma ife a ku Mzimba sitinasiye. Tinkapita patokha, pa selefu, kukagwira m'magadeni, m'makhitchini ndi m'mahotela. Nthawi imeneyo lamulo la dziko la South Africa la mu 1965 linkaletsa njuga zonse kupatula kubetcha pa mahatchi. Njuga ya manambala yotchedwa fafi ankaichitira mobisa. Munthu wofuna kuyesa mwayi poyera, wosaopa kumangidwa, ankalowa mu thoti, malo obetcherako mahatchi, Loweruka masana, kapena ankakwera basi kupita ku Turffontein, bwalo lakummwera kwa Johannesburg limene lakhalapo kuyambira 1887. Loweruka loyamba la Julaye, tsiku la Durban July ku Greyville, ngakhale amene sankadziwa kusiyanitsa hatchi ndi bulu ankaponyapo kakhobidi.

Musawayese opusa anthu amenewa. Ndinkawaona amuna amene analekezera sukulu mu Sitandade 5 akuwerenga Computaform, buku la mbiri ya mahatchi, bolopeni ili kukhutu. Ankadziwa kuti hatchi yakuti imathamanga bwino pa mamita 1,200 koma ikafika pa 2,000 imafooka. Kuti ina imakonda dothi lonyowa. Kuti ina yasenzetsedwa kulemera kwambiri lero. Kuti wokwerapo wakuti akagwirizana ndi wophunzitsa mahatchi wakuti, pamakhala zinthu. Usiku wa Lachisanu ankagona mochedwa akulemba manambala kuseri kwa katoni. Nzeru zimenezo zikanalowa m'bizinesi ya ng'ombe kapena m'golosale, bwenzi lero pa Manyamula pali masitolo olembedwa mayina awo.

Chimene nzeru zawo sizinathe kugonjetsa ndi masamu a thoti. Mu thoti, ndalama zonse zimene anthu abetcha zimaikidwa pamodzi. Kampani imayamba yachotsapo gawo lake ndi la msonkho, kenaka zotsalazo ndi zimene opambana amagawana. Ndiye kuti pa mpikisano uliwonse, ndalama zobwerera kwa obetcha onse pamodzi zimachepa poyerekeza ndi zimene iwo anaika. Wina apata lero, wina mawa, koma gulu lonse limapita kunyumba ndi zochepa kuposa zimene linabwera nazo, Loweruka lililonse, chaka ndi chaka. Nanga Pick 6 imene inkawasowetsa tulo ija? Umayenera kulosera hatchi yopambana m'mipikisano isanu ndi umodzi motsatizana. Ngati mpikisano uliwonse uli ndi mahatchi 10, njira zimene zotsatira zingatulukire ndi 1,000,000. Munthu amawonjezera mahatchi pa tikiti kuti atseke mipata, tikiti n'kumakwera mtengo, ndipo isanu ikalowa, yachisanu ndi chimodzi n'kuphonya ndi mphuno chabe, amatuluka akunena kuti ndinatsala pang'ono. Kutsala pang'onoko n'kumene kunkamubweza sabata yotsatira.

Inu mumaganiza kuti mapeto a wanjuga ndi tsiku limodzi loopsa, loluza nyumba kapena galimoto. Zimachitika, koma ambiri amene ine ndinawaona sanathe choncho. Anatha ndi kutopa. Zaka zoyambirira munthu ankafuula hatchi yake ikamayandikira mzere, ankalumpha, akapata ankagulira anzake nyama ndi mowa, n'kutumiza bulangete kumudzi. Patapita zaka khumi, kufuula kunachepa. Patapita makumi awiri, munthu yemweyo ankakhala pa benchi, maso pa TV, hatchi yake n'kupambana, iye osamwetulira n'komwe. Ankapita pa windo, kulandira, n'kubwezera pomwepo pa mpikisano wotsatira. Ukamufunsa kuti bwanji simukukondwa, adada, ankayankha kuti zimenezi n'zanga zomwe, angondibwezera pang'ono. M'mutu mwake munali kaundula wa zonse zimene analuza kuyambira ali mnyamata, ndipo panalibe tikiti imene ikanafafaniza kaundula ameneyo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chikondi cha masewerawo chinatha koma miyendo sinaleke kupita. Munthu sankawerenganso Computaform. Ankangosankha manambala a masiku onse. Sankawakondanso mahatchi, ena ankachita kuwatukwana, koma Loweruka likafika sankadziwa kwina kopita. Tchalitchi anasiya kalekale chifukwa cha manyazi a ngongole za abale a mumpingo. Kumisonkhano ya anthu akumudzi sankafikako poopa kufunsidwa za chopereka cha maliro. Anzake obetcha nawo, ena anamwalira, ena anabwerera kwawo. Mu 2013, S'manga Khumalo atapambana Durban July pa hatchi yotchedwa Heavy Metal, kukhala munthu wakuda woyamba kutero pa mpikisano umene unayamba mu 1897, achinyamata anasangalala kwambiri. Nkhalamba zimene zinadikira tsiku lotere moyo wawo wonse, zina mwa izo zinangoyang'ana pa tikiti kuti zione ngati nambala yalowa. Mtima wokondwera ndi chinthu chokongola unali utafa kale.

Ngakhale masewerawo anakalamba nawo limodzi. Malamulo atasintha m'zaka za m'ma 1990, makasino anatsegulidwa, Lotto inayamba mu 2000, kenaka kubetcha pa mpira kunatenga achinyamata onse. Bwalo la Gosforth Park ku Germiston linatsekedwa mu 2002, la Clairwood ku Durban mu 2014. Mu 2020 kampani ya Phumelela, imene inkayendetsa Turffontein ndi mabwalo ena, inagwa m'mavuto a zachuma mpaka mabwalowo anadzapita m'manja mwa kampani ina, 4Racing. Taganizani munthu amene anapereka zaka makumi atatu ku chinthu, n'kumachiona chikufota iye ali pomwepo, m'chipinda mwatsala imvi zokhazokha.

Kuno kumudzi timawatcha matchona, ndipo timafulumira kunena kuti anakwatira kumeneko n'kuiwala kwawo. Ena n'zoona. Koma ambiri sanaiwale. Disembala aliyense ankanena kuti chaka chino ayi, ndikagwira jakipoti ndipita ndi malata ndi ngolo, ndikamalize ng'ombe za malowolo. Kubwera chimanjamanja, anzake amsinkhu umodzi atamanga nyumba za njerwa zowotcha ndi kugula ng'ombe zapagoli, kunkawalemera kuposa kukhala. Mayi kuno anakalamba akuyang'ana kumsewu. Ana anakula akudziwa bambo wawo pa chithunzi. Ena anadzabwera ndi chikwama chimodzi ndi matenda a shuga. Ena munawalandira nokha m'bokosi, anthu akumudzi okhala ku Joni atasonkherana kuti thupi lidzagone kwawo.

Mwina mukuti, agogo, ife mahatchi sitiwadziwa, kuno kulibe bwalo la mahatchi. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndikuda nkhawa kwambiri ndi inu kuposa mmene ndinkadera nkhawa anzanga aja. Iwo ankayenera kudikira tsiku la mpikisano, kuvala, kuyenda, kuima pa mzere ndi ndalama m'manja. Pakati pa mpikisano ndi unzake pankadutsa pafupifupi theka la ola, nthawi yoti munthu n'kuganiza, mwinanso kutuluka. Dzuwa likalowa thoti inkatsekedwa. Inu thoti yanu ili m'thumba, sitseka usiku, ndipo imalumikizana ndi Airtel Money kapena Mpamba, moti ndalama imachoka osaigwira n'komwe. Kandege kobetchera pa foni kamene mumakakonda kaja kamanyamuka n'kugwa m'masekondi ochepa, kenaka kena kanyamuka. Zimene mkulu wa ku Turffontein ankabetcha mwezi wathunthu, inu mumazibetcha musanamalize kudya nsima. Kutopa kumene kunamutengera iye zaka makumi awiri, inu kukupezani musanakwatire.

Komanso iye anali ndi chowerenga: hatchi yamoyo, ya mbiri yake, yothamanga pa udzu weniweni. Kandege kalibe mbiri. Mahatchi ndi agalu othamanga pa sikirini m'mashopu obetchera ndi zithunzi za kompyuta, zotsatira zake zimasankhidwa ndi makina amene anakonzedwa kuti pamapeto pake kampani itsale ndi phindu. Amene amakugulitsani manambala pa WhatsApp, kunena kuti akudziwa pamene kandege kagwere, akanakhala kuti akudziwadi sakanafuna K2,000 yanuyo. Ngati amuna odziwa kuwerenga mahatchi aja analephera kugonjetsa masamu, inu mudzagonjetsa bwanji makina opanda chowerenga?

Zizindikiro ndikuziona kale pakati panu. Mnyamata amene kale ankakuwa m'chipinda choonetsera mpira chifukwa chokonda timu yake, lero sangaonere mpira wopanda tikiti. Timu yake ikagoletsa amakwiya chifukwa yamuphera tikiti. Wina amakhala pa maliro mutu uli pansi, anthu n'kumayesa chisoni, pamene akuyang'ana foni. Wina wagulitsa soya, ndalama ya feteleza yatha usiku umodzi, m'mawa akunamizira kuti vendayo sanamalize kulipira. Mukapata simutumiza kwa amayi, mumati ndiikenso ikule. Amenewo ndi mayendedwe omwe aja a nkhalamba za pa benchi, kungoti inu mwawayamba tsitsi likadali lakuda.

Ndalama zotayikazo zimandipweteka, koma chimene chimandiopsa koposa n'chakuti njuga imapha kuleza mtima. Moyo wathu kuno ndi wodikira. Chimanga chimafuna miyezi inayi, ng'ombe imatenga bere miyezi isanu ndi inayi, fodya umamusamala kuchokera ku nazale mpaka ku okushoni pafupifupi chaka chathunthu. Munthu amene walawapo K50,000 yobwera m'masekondi khumi, khasu limamulemera, ganyu amamuona ngati chipongwe, malipiro a pamwezi ku Joni amawaona ngati mbewu yokabetchera basi. Mtima wake umafanana ndi munda umene walimidwa chimanga chaka ndi chaka popanda manyowa: poyamba umabereka, kenaka umafuna feteleza wochuluka kuti upereke zochepa, pamapeto pake umangomera kaufiti. Ukafika pamenepo, ngakhale mwana wako woyamba kubadwa sakusangalatsa mmene akanakusangalatsira.

Tsono mverani, ana anga. Amene simunayambe, musayambe, ngakhale ndi K100, ngakhale kampani ikupatseni bonasi yaulere. Bonasiyo amaipereka podziwa kuti mudzabweza zochuluka. Azing'ono anu osakwana zaka 18 lamulo silimawalola kubetcha, ndipo bungwe la MAGLA limene limayang'anira masewerawa m'dziko muno limanena zomwezo. Musawabwereke foni kapena nambala yanu kuti abetchere. Amene mukupita ku Joni, pangani pangano ndi kwanu musananyamuke: tsiku lolandira malipiro, gawo lakumudzi lichoke tsiku lomwelo, lisagone m'foni. Likafika kuno lisanduke chinthu chooneka ndi maso, mbuzi, thumba la simenti, sheya ku banki mkhonde kapena ku kopaletivu. Dziikireni chaka chobwerera, ndipo chikakwana bwerani ndi zimene muli nazo, zochepa kapena zambiri. Palibe kholo kuno limene lingasankhe bokosi m'malo mwa mwana wobwera ndi chikwama chimodzi.

Amene mwalowa kale, ndipo mukudziwa mumtima kuti simukusangalalanso koma mukulephera kusiya, musayese kubweza zimene munaluza. Zimenezo zinapita, kuzithamangira n'kumene kunasandutsa anzanga matchona. Lembani pa pepala ngongole zonse, muuze munthu mmodzi amene mumamulemekeza, kaya ndi adada anu, amalume, abusa kapena akazi anu, ndipo kwa miyezi ingapo ndalama azisunga iyeyo. Chotsani maapu obetchera m'foni. Ngati tulo tasowa, mtima ukungothamanga, kapena maganizo odzipha ayamba kubwera, limenelo ndi vuto lofuna chipatala, si ufiti ndipo si kufooka kwa chimuna. Yambirani pa chipatala chapafupi. Ku Mzuzu kuli a St John of God amene amathandiza anthu ovutika maganizo. Amene muli ku Joni, bungwe la South African Responsible Gambling Foundation limapereka uphungu waulere, ndipo mungathe kupempha kuti akuletseni kulowa m'malo obetchera.

Pomaliza ndikupemphani za akuluakulu amene anabwerako aja. M'midzi yathu alimo, amakhala phee pakhonde, salankhula zambiri za ku Joni. Musawaseke, ndipo musalole ana kuwaseka. Pitani mukakhale nawo, muwatengereko shuga pang'ono, muwafunse mwaulemu kuti, adada, tiuzeni za mahatchi, munayamba bwanji, ndipo chisangalalo chinatha liti. Ambiri sanafunsidwepo ndi wina aliyense, ndipo kulankhulako kudzawapeputsa iwo omwe. Pitani sabata ino, musanaikenso ndalama ina m'foni.