Kwa madalaivala achinyamata a kwa Msakambewa: samalani moto wa injini

Ana anga, inu amene mwayamba kugwira chiwongolero, tcherani khutu. Masiku ano mabwana akukupatsani ma Land Cruiser ndi ma Pajero, kumbuyo atakolekako ngolo yodzaza matumba a soya kapena mabelo a fodya opita ku okushoni ku Kanengo. Mumati galimoto yaikulu siopa phiri. Mphamvu ili nazodi, koma m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi muno injini imafa ndi moto wake womwe.

Injini imakondwa madzi ake akakhala pa madigiri pafupifupi 90. Pa tala wa ku Mponela mphepo imalowa yokha mu ledieta chifukwa mukuthamanga. Pa chikweza cha miyala, mukukwawa ndi katundu padzuwa la mu Okutobala, moto umachuluka pomwe mphepo palibe. Thandizo latsala ndi fani basi. Komanso kwathu kuno n'kokwera, madzi amawira asanafike madigiri 100. Chimene chimawaletsa kubwata ndi chivundikiro cha ledieta: chikamagwira bwino, madzi amapirira mpaka cha m'ma 120. Labala wake akatha gulani china, osamangapo nsanza.

M'mawa injini isanalire, tsegulani boneti. Onani madzi, finyani mapaipi, gwirani lamba wa fani. Kenako gwadani muyang'ane kumaso kwa ledieta: timipata take timatsekeka ndi njere za udzu, ziwala ndi matope ouma. Tsukani ndi madzi mofatsa, osatokosa ndi waya. Mkatimo muzithira coolant, chifukwa madzi a pamjigo ndi a mumtsinje amasiya mchere ndi dzimbiri zimene zimatseka njira. Makaniko akati achotse thermostat kuti galimoto izizizira, kanani; ameneyo akubisa matenda.

Katundu naye ali ndi malire. Ngolo yopanda mabuleki ake isapitirire makilogalamu 750 pamodzi ndi kulemera kwake. Amenewo ndi matumba osafika 15 a makilogalamu 50. Makilogalamu 3,500 amene mumamva aja ndi a ngolo ya mabuleki.

Chikweza chikaonekera, imani pansi pomwepo, lowetsani giya yamphamvu ya 4L, zimitsani AC. Kukakamiza giya yaikulu injini ikubuula ndiye kukoleza moto. Pa giya yaing'ono fani ndi pampu ya madzi zimazungulira mwachangu. Diso lisachoke pa muvi wa geji. Ukangodutsa pakati, tsitsani magalasi, yatsani heater mpaka kumapeto kuti ikoke kutentha kwina. Ukapitirirabe, pezani malo abwino muime, ikani miyala kumatayala a galimoto ndi a ngolo, tsegulani boneti, injini muisiye izilira pang'onopang'ono mpaka muvi utatsika. Koma mukaona nthunzi, madzi akuchucha pansi kapena lamba ataduka, zimitsani nthawi yomweyo.

Apa ndiye ndikupempheni ndi mtima wonse: musakhudze chivundikiro cha ledieta injini ili yamoto. Madziwo amatumphuka n'kusupula nkhope ndi manja, zipsera zake n'zamuyaya. Dikirani theka la ola kapena kupitirira, mpaka paipi yapamwamba mutatha kuigwira ndi dzanja, kenako mutsegule pang'onopang'ono ndi nsalu yochindikala. Anthu achifundo adzathamanga ndi zidebe kuchokera kudambo. Athokozeni, koma madzi ozizira asalowe mu injini yamoto, chifukwa hedi imapindika kapena kung'aluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukapeza oyilo atasanduka ngati tiyi wamkaka, kapena utsi woyera ukungotuluka kumbuyo, gasiketi yapsa. Musailizenso; itanani makaniko. Potsika phiri, gwiritsani ntchito giya imene munakwerera, kuti mabuleki nawo asapse.

Chovuta kwambiri n'kuyankhula ndi mwini galimoto, amene maso ake ali pa mtengo wa dizilo. Muuzeni mwaulemu kuti, “Bwana, katunduyu tigawe maulendo awiri, ndipo tilawire kusanatenthe.” Mwina akwiya tsiku limenelo, koma mafuta a ulendo wachiwiri safika pa mtengo wa hedi yatsopano. Dalaivala amene amabweza galimoto ili yamoyo ndiye amaitanidwanso nyengo ina yokolola. Yendani bwino, ana anga, mudzafike kwanu athunthu.