Kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana

Therere silichuluka mumphika, komabe mayi wakhalidwe amatapako kachipande n'kutuma mwana kwa mnansi. Tsiku lina mnansiyo akaphika nkhwani wotendera, mbale ija imabwerera ili ndi kanthu. Akuluakulu ankatanthauza kuti ubale umakoma wopatsa naye akamalandira. Ine ndimaona kuti malonda anabadwira pomwepa.

Ku Lungwena, pamsewu wochoka ku Mangochi kupita kwa Makanjira, msodzi amayanika usipa pathandala nkhokwe yake ili pululu. Mlimi wakumtunda ali ndi chimanga, koma ndiwo alibe. Awiriwa akakumana, msintho umatheka ngakhale popanda kwacha.

Kutali ku Central America zinali chimodzimodzi. Mu 1502 Christopher Columbus anakumana ndi bwato lalikulu la amalonda kufupi ndi gombe la Honduras, litasenza nsalu za thonje, tinkhwangwa ta mkuwa ndi njere za koko, zomwe Amaya ankagulira zinthu ngati ndalama.

Nawo Ayao anali akatswiri a ulendo. Anayamba ndi makasu, fodya ndi zikopa, kenako minyanga ya njovu, n'kumayenda pansi miyezi mpaka ku Kilwa. Pobwerera ankasenza nsalu, mikanda ndi mchere. Koma m'zaka za m'ma 1800 katundu wamkulu anasanduka munthu. Zombo za mfumu Makanjira zinkawolotsa akapolo panyanja yathuyi, ndipo mfumuyo inkalandira mfuti, onga ndi nsalu. Ena amati amenewonso anali malonda, poti wogula ndi wogulitsa anagwirizana. Ayi ndithu. Amene anapereka si amene analandira. Mayi amene mwana wake anagwidwa kudimba sanaone ngakhale mkanda umodzi, ndipo mwanayo sanabwerenso. Nkhondo yothetsa zimenezi inadya anthu: Captain Maguire, mmodzi wa otsogolera nkhondoyo, anaphedwa mu 1891 polimbana ndi anthu a Makanjira, ndipo linga lomwe linamangidwa kumeneko linatchedwa Fort Maguire.

Za lero sizingafanane ndi ukapolo, komabe zimandiwawa. Nyengo ya dzinja, mitambo ikaphimba dzuwa, usipa suuma. Wogula wochokera ku Limbe amadziwa zimenezi, ndiye amangokhala phee pamthunzi kudikira kuti nsomba ziyambe fungo. Akatero amatchula mtengo wake, ndipo msodzi amene wachezera panyanja usiku wonse amavomera poopa kutaya zonse.