Misozi ya Loweruka usiku

Kabukuko kanali ka masamba 40 okha, kolembedwa m'Chingerezi cha ku America. Komiti yokonza msonkhano wa ophunzira a sekondale pa mpingo wathu ku Lilongwe inandipempha kuti ndikamasulire m'Chichewa, kuti alangizi onse akawerenge, ngakhale amene sukulu sanapite nayo patali. Kumasulira ndiyo ntchito imene imandidyetsa, choncho sindinayembekezere chovuta. Masamba oyambirira ankanena zimene aliyense amene anasungapo ana a eni amazidziwa kale: werengani anthu musanagule chakudya, anyamata agone kutali ndi atsikana, kholo lililonse lisayine kalata yololeza mwana wake kupita. Pamene panalembedwa zakudya zakwawoko ndinkaikapo ufa, nyemba, kabichi ndi nkhuni. Mawu amene anandichedwetsa pang'ono ndi dzina la msonkhanowo. Ife timangoti kampu, koma Akatolika amati mbindikiro, ndipo ndinabwereka lawolo chifukwa kubindikira ndi mawu athu akale. Namwali amabindikira, mayi amene wangobereka kumene amabindikiranso m'chikuta.

Kenako ndinafika pa tsamba la Loweruka usiku. Wolembayo analongosola ndondomeko yonse mosabisa. Lachisanu madzulo pakhale masewera oti ana azolowerane, manyazi athe. Loweruka masana athamange, asewere mpira, atope. Usiku magetsi achepetsedwe, nyimbo zothamanga zisiyidwe, kiyibodi izilira pang'onopang'ono. Mnzawo mmodzi apereke umboni wokhudza mtima, mlaliki alalikire, ndipo akamamaliza aitane ofuna kudzipereka kuti abwere kutsogolo. Alangizi akhale chire ndi timakhadi tolembapo mayina. Chifukwa chowatopetsera chinalembedwanso: mwana wotopa sakana msanga.

Ndinasiya kulemba. Ndili ndi zaka 15, ndili Fomu 2, ndinapita ku kampu yotereyi. Tinkagona m'kalasi, madesiki ataunjikidwa pakona. Loweruka usiku ndinalira mpaka bulauzi kunyowa, ndinapita kutsogolo miyendo ikunjenjemera, ndipo kwa zaka zambiri ndinkati usiku umenewo ndi umene Mulungu anandipeza. Tsopano pa tebulo panga panali ndandanda ya misozi yangayo, ola ndi ola, yolembedwa ndi munthu wakutsidya kwa nyanja amene sanandionepo.

Kodi n'chilungamo kuti anthu akuluakulu akhale pansi ndi kukonza ola limene mwana wa munthu adzalire pamaso pa Mulungu?

Mkangano umenewu ndi wakale kuposa kabukuko. Charles Finney, amene anasiya ntchito ya zamalamulo n'kukhala mlaliki ku America, anasindikiza maphunziro ake onena za chitsitsimutso mu 1835. Iye ankaphunzitsa kuti chitsitsimutso si chozizwitsa chongogwa kumwamba, koma chimabwera anthu akagwiritsa bwino ntchito njira zoyenera, monga mmene mlimi amakololera akabzala. Imodzi mwa njira zake inali benchi yakutsogolo, pamene ovutika mumtima ankaitanidwa kukhala anthu onse akuwaona. Mu 1843 John Williamson Nevin analemba kabuku kotsutsa benchiyo, poona kuti munthu angasokoneze kuyenda kwa miyendo yake ndi kutembenuka kwa mtima wake. Kuitanira anthu kutsogolo kumene ife timakuona ngati mwambo wa makedzana n'kwa mbumba ya benchi imeneyo.

Yankho langa loyamba linali la mkwiyo: chimenechi n'chinyengo basi. Koma mkwiyowo sunakhalitse nditayamba kuganiza za maliro. Amayi a Chigwirizano kapena a Mvano amadziwa nyimbo yoyenera kuyimba bokosi likamatuluka m'nyumba, ndipo amadziwa kuti ikayamba anthu alira. Amaisankha dala. Komabe palibe amene anganene kuti misozi ya namfedwa ndi yabodza chifukwa nyimboyo inasankhidwa dzulo lake. Chisoni chinalipo kale, nyimbo yangochitsegulira khomo. Anamkungwi nawonso ankadziwa kuti zina sungamuphunzitse mwana ali pakhomo pa amake, mbale zikumudikira. Ankamuchotsa pamudzi, kumusiyanitsa ndi zozolowera, kumuyimbira, kenako n'kumubweza ali munthu wina. Victor Turner, amene anakhala pakati pa Andembu ku Mwinilunga m'dziko la Zambia m'zaka za m'ma 1950, analemba zambiri za nthawi yapakatiyi, pamene munthu wasiya chimene anali koma sanakhale chimene adzakhale, ndi mmene anthu obindikira limodzi amasandukira ngati abale. Mpingo wa Nkhoma, m'malo mongothetsa chinamwali, unakhazikitsa chilangizo, pozindikira kuti kupatula ana ndi kuwalangiza kuli ndi mphamvu yake. Ndiye ngati ndikutsutsa kampu chifukwa chakuti ndi yokonzedwa, ndiyenera kutsutsanso maliro, chilangizo, ngakhale ukwati. Mlandu suli pa kukonza.

Suli pa misozinso. Jonathan Edwards analemba mu 1746 kuti kukula kwa kutengeka mtima sikutsimikizira kuti chikhulupiriro n'chenicheni, komanso sikutsimikizira kuti n'chabodza. Mfundo imeneyi imandipweteka chifukwa imandilanda zonse ziwiri. Sindingalozenso bulauzi yonyowa ija ngati umboni, koma sindingaisekenso.

Ndiye ndinadzipangira muyeso wanga. Ndinati, tsamba lililonse la pulogalamu limene tingathe kuwawerengera ophunzirawo mokweza Lachisanu atangotsika minibasi, ndipo n'kugwirabe ntchito, ndi loyera. Tingawauze kuti mawa usiku tizimitsa magetsi ena ndi kuyimba mofatsa kuti muganize bwino. Angavomere, ena angakondwere. Koma sitingawauze kuti tikutopetsani dala kuti musathe kukana. Njira imene imafa ikangotchulidwa ndiye kuti imadalira kusadziwa kwa mwanayo, ndipo ikumuzembera m'malo molankhula naye.

Ndinapita nawo muyesowu ku komiti, pamodzi ndi zomasulirazo. Ndivomereze kuti ndinayesedwa kufewetsa chiganizo chovutacho, koma ndinachimasulira monga chinalili. M'Chingerezi chinali chitavala jekete. M'Chichewa chinatuluka chili mbulanda: atopetseni. Nditachiwerenga, mayi wina wachikulire, mlangizi wa atsikana kwa zaka zambiri, anaseka pang'ono n'kunena kuti, “Mwanawe, umo ndi mmene timagwirira nkhuku. Umaithamangitsa mpaka itope.”

Wapampando sanaseke nawo. Ndi mphunzitsi, munthu amene amalipirira ana osauka ndalama za kampu kuchokera m'thumba mwake, ndipo zimene ananena sindinazimalize kuziganizira mpaka lero. “Achemwali,” anatero, “ana awa foni imawagwira mtima usana ndi usiku. Otsatsa mowa, a juga za mpira, a TikTok, onsewo anaphunzira kukoka mwana, ndipo palibe amene amapempha chilolezo. Iwo ali ndi chaka chonse. Ife tili ndi mausiku awiri. Inu mukufuna tilowe m'nkhondoyi manja ali m'thumba?” Anawonjezera kuti ana ambiri amadziwa kale zimene zimachitika Loweruka usiku, akuluakulu awo anawauza, ndipo amabwera akuzifuna.

Mfundo yachiwiriyi inaboola muyeso wanga. Ngati mwana akudziwa ndipo wabwera yekha, chinsinsi chili pati? Ndipo anamkungwi amene ndinkawatamandawo nawonso ankagwiritsa ntchito mantha, kutopa ndi zobisika. Sindingawayeretse iwo n'kumuda wolemba kabuku. Yoyamba ija ndimaikanabe: ngati tatengera njira za wotsatsa juga chifukwa zimagwira ntchito, ndiye kuti tavomerezana naye za chimene mwana ali, tangosiyana pa katundu wogulitsa. Koma ndinaona kuti muyeso wa kuulula, pawokha, sukwanira.

Chimene chinkasowa anandipatsa ndi mayi wachikulire uja, msonkhano utatha, tikudikira kabaza. Anandiuza za kampu ya chaka chathacho, imene ine kunalibe. Pa nthawi ya maumboni, cha m'ma 11 koloko usiku, mtsikana wa Fomu 3 anatenga maikolofoni n'kuulula zimene wachibale wina wamwamuna ankamuchita kunyumba. Holo yonse inamva. Ena anajambula pa foni. Mlaliki, amene anali mlendo woitanidwa kuchokera kutali, anamusanjika manja n'kumupempherera, anthu n'kuwomba m'manja. Lamulungu masana mlalikiyo anakwera basi. Mu lipoti, mtsikanayo anawerengedwa pamodzi ndi amene anadzipereka. Lolemba anakalowa m'kalasi imodzi ndi anthu amene anamva zonse, ndipo madzulo anabwerera ku nyumba yomweyo. Palibe amene anaimba 116, nambala yothandiza ana, kapena kupita kwa a zachitukuko cha ana. Aliyense ankaganiza kuti nkhaniyo yatha chifukwa yapemphereredwa. Teremu yotsatira mtsikanayo anasiya kubwera ku tchalitchi.

Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko la Malawi amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mtsikana ameneyu sakanakwera minibasi yathu popanda siginecha ya kholo. Koma tinamulola, tinamukonzera malo, kuti pakati pa usiku, ali wotopa, kiyibodi ikulira, apereke chinsinsi chachikulu cha moyo wake kwa anthu amene sanalonjeze kuchisunga. Palibe amene anamunamiza. Muyeso wanga uja akanaupambana onse okonzawo. Ndipo zimene ananena zinali zoona, mwina zinkafunika kutuluka. Cholakwa chinali chakuti amene anatsegula bala sanali amene adzalitsuke mawa.

Apa ndi pamene namkungwi amasiyana ndi mlaliki woitanidwa. Wapampando amakonda kunena kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona, ana amamvera mawu achilendo kuposa a abusa amene amawamva sabata iliyonse. Koma akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Namkungwi, ndi zolakwa zake zonse, ankakhala m'mudzi momwemo. Ankakumana ndi namwali wake pa chitsime, ankamuona akukwatiwa, ankaitanidwa banja likavuta. Akamuwononga, manyazi ankakhala ake kwa moyo wonse. Mphamvu yogwedeza mtima wa mwana inali m'manja mwa munthu yemweyo amene adzasenze zotsatira zake. Pa kampu zathu ziwirizi tinazilekanitsa: wina amagwedeza, wina amawerenga timakhadi, ndipo Lolemba silikhala la aliyense. Kabuku kaja kanali ndi masamba asanu onena za Loweruka usiku ndi ndime imodzi yonena za masabata otsatira.

Timakhaditi timandivutitsanso mwapadera. Amene amapereka ndalama amafuna nambala, ndipo nambala imene ingapezeke Lamulungu m'mawa ndi ya amene anaimirira, osati ya amene adzakhale akupempherabe patapita zaka zisanu. Pang'onopang'ono komiti imayamba kukonza chimene chingawerengedwe. Fanizo la wofesa mbewu timaliphunzitsa ku Sande sukulu, koma mbewu imene imamera msanga pa thanthwe ndi imene imaoneka bwino mu lipoti.

Komiti sinagwirizane nane pa zonse. Kuitanira kutsogolo kunatsala pa Loweruka usiku, ndipo timakhadi tinatsala chifukwa lipoti linkafunika. Koma chiganizo cha kutopetsa chinafufutidwa, mapemphero anayenera kutha 9 koloko, mafoni anasungidwa ndi alangizi, ndipo palibe mwana amene analoledwa kugwira maikolofoni asanalankhule ndi mlangizi payekha masana. Mayi uja anakakamira chinthu chimodzi: gulu lililonse likhale ndi mlangizi wochokera ku dera kumene anawo amakhala, osati wongogawiridwa. Zimenezi zinasokoneza ndandanda yonse, ndipo ine ndi amene ndinailembanso kawiri ndikung'ung'udza.

Usikuwo ndinaima kumbuyo kwa holo. Ndinkadziwa nyimbo yotsatira, ndinkadziwa mphindi imene magetsi achepe, chifukwa ndinazitayipa ndekha. Ngakhale zinali choncho, kukhosi kunandigwira ana atayamba kuyenda kupita kutsogolo, ndipo sindinathe kusiyanitsa ngati chinali chikumbukiro, kiyibodi, kapena Mulungu amene ndinkati anandipeza zaka zija.

Lamulungu m'mawa, tikumanga matiresi, kamtsikana ka Fomu 1 kanandipeza pakhonde. Kanagwada pang'ono n'kunena motsitsa mawu, “Anti, ine dzulo sindinalire. Anzanga onse analira. Ndiye kuti ine sizinatheke?” Ndinali ndi Finney, Nevin ndi Edwards m'mutu, koma ndinangokafunsa kumene kamakhala. Kanati ku Area 25, kufupi ndi msika. Ndinakagwira dzanja n'kupita nako kukhitchini, kumene mayi uja ankawerenga mapoto obwereka. Anakamvetsera mpaka kumaliza, anafunsa dzina la amake, kenako anatembenuza pepala la ndandanda ya ufa ndi nyemba n'kulemba kuseri kwake. “Lachitatu ukaweruka udutse kwathu,” anatero. “Ndili ndi chimanga chofunika kutong'ola.”