Fisi ndi Minibasi Yothawira Kumanzere

Padangokhala Fisi, dalaivala wa minibasi pamsewu wa M1, pakati pa Lilongwe ndi Ntcheu. Tsiku lina m'dzinja, akuthamangira anthu pasiteji, anagwetsa tayala lakumanzere m'dzenje lodzaza madzi. Kuyambira pomwepo chiwongolero chinakhala chopendekeka, ndipo akangochilekerera pang'ono galimoto inkathawira kumanzere. Fisi anangolimbitsa dzanja, n'kuzolowera.

Ku Dedza, popopetsa mpweya, Kamba makaniko anasisita tayala lakutsogolo ndi chikhatho. Popita linali losalala, pobwerera mano ake ankakanda.

"Mwana wanga, tayirodi yapindika, tayala nalo lapendekeka. Matayala awiriwa amayenera kuloza kumodzi, koma ako ali ngati ng'ombe zapangolo, ina yati kumunda, ina kudambo. Asiyana ndi mamilimita ochepa, komatu njira yonse akukhulika chammbali paphula, mafuta nawo akungopsa. Tisinthe chopindikacho, kenako tipange alayimenti."

"Madala, galimoto ikuyendatu," anatero Fisi. "Nthawi yokhala pagalaja ndikhala nditadzaza kale anthu."

Tayala litadyeka, Fisi anagula la kaunjika. Nalonso linatha msanga, akuti wogulitsa ndi wakuba. Tayala lachitatu litatha, akuti anzake apasiteji amulodza. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'mawa uliwonse ankaliyang'ana ndithu tayalalo, koma kunja kokha, kumene mano anali athunthu. Mbali yam'kati, yoti munthu agwade kuti aione, inali itafika pa mawaya.

Akutsetsereka cha ku Ntcheu, galimoto ili thothotho, tayala linangoti phuu! Minibasi inalowa m'munda wa chimanga. Palibe anafa, koma mayi Mbuzi, amene ankapita kumsika ndi tomato wawo, anathyoka mwendo.

Ataikokera minibasiyo kwa Kamba, mkuluyo sananene za kale. Anaika tayirodi yatsopano, nakoka chingwe kuchokera ku tayala lakumbuyo mpaka lakutsogolo mbali zonse ziwiri.

"Gwada uone wekha. Chingwe chakhudza apa, apa chasiya mpata."

Anapotokola tayirodi pang'onopang'ono mpaka mipata inafanana, namutumiza kwa amakina kuti akamalizitse.

Fisi analipira chimanga cha eni munda, tomato, ndi mayendedwe a mayi Mbuzi kuchipatala. Pamsewu galimoto inayamba kuyenda mowongoka, koma panatenga dzinja lina lonse kuti a Mbuzi ndi abale awo ayambirenso kukwera.