Chitetezo Chodalira Chifundo cha Wolamulira: Nkhani ya Cordoba ndi Granada

Olemba mbiri akamakamba za al-Andalus, dera la Spain ndi Portugal lomwe Asilamu anayamba kulilamulira m'chaka cha 711, amakonda kuyamikira mgwirizano umene unalipo pakati pa Asilamu, Akhristu ndi Ayuda, koma funso lalikulu ndi lakuti mgwirizanowo unatsamira pa chiyani. Malamulo a Chisilamu ankaika Akhristu ndi Ayuda m'gulu lotchedwa dhimmi, kutanthauza anthu otetezedwa, omwe ankaloledwa kupembedza monga mwa chikhulupiriro chawo ndi kuweruzana okha milandu ya m'banja, malinga akhome msonkho wotchedwa jizya ndi kuvomereza kuti iwo ndi apansi. Chitetezochi chinali chenicheni ndipo sichiyenera kupeputsidwa, pakuti chinapatsa mabanja ambiri mpata wolima, wochita malonda ndi wophunzira kwa mibadwo ingapo. Mu ulamuliro wa Abd al-Rahman III, yemwe m'chaka cha 929 anadzitcha khalifa, ndiko kuti mtsogoleri wa Asilamu onse, Myuda Hasdai ibn Shaprut anali dokotala wa kunyumba yachifumu ku Cordoba, pomwe Mkhristu Recemundus anatumidwa ngati nthumwi kwa mfumu Otto I ya ku Germany.

Vuto la dongosololi linaonekera poyera ku Granada, kumene Myuda Samuel ibn Naghrela anakwera mpaka kukhala nduna yaikulu ya mfumu ya mzindawo ndi mtsogoleri wa asilikali, ndipo atamwalira m'chaka cha 1056 mwana wake Joseph analowa m'malo. Mlakatuli Abu Ishaq wa ku Elvira analemba ndakatulo yonena kuti Ayuda, pokwera pamwamba pa Asilamu, anali ataswa okha pangano lowateteza, ndipo mu Disembala 1066 khamu la anthu linapha Joseph pamodzi ndi Ayuda ochuluka a mumzindawo. Apa m'pamene pagona nkhani yomvetsa chisoni: pangano lomwe linkasunga moyo wa munthu linkamulamulanso kuti akhale pansi, kotero kuti luso ndi kukhulupirika zomwe zinamukweza zinasanduka umboni womutsutsa pamene mfumu inalephera kumutchinjiriza.

Olamulira a Almohad, ochokera ku Morocco, atalanda Cordoba m'chaka cha 1148 sanalemekezenso panganolo, choncho banja la Maimonides, yemwe pambuyo pake anadzakhala katswiri wamkulu wa malamulo a Chiyuda, linathawa, n'kukapeza mtendere ku Fustat m'dziko la Egypt, pansi pa olamulira ena achisilamu, zomwe zikusonyeza kuti chimene chinasintha chinali mtima wa ogwira mpando osati chipembedzo chawo. Mafumu achikhristu nawonso anayenda njira yomweyo, pakuti Alfonso VI atalanda Toledo m'chaka cha 1085 analonjeza Asilamu kuti mzikiti wawo waukulu ukhalabe m'manja mwawo, koma pasanapite nthawi yaitali mzikitiwo unasandutsidwa tchalitchi.