Galu Wanga ndi Mlonda Wanga: Adye Koyamba Ndani?

Mundilole mwezi uno ndikambe za galu. Ndikudziwa kuti ena mwaseka kale, poti kwathu kuno galu si nkhani yokambira pamaso pa anthu aulemu, ndipo munthu akafuna kunyoza mnzake dzina limene amalipeza msanga ndi lomweli. Komabe galu amene ndikunenayu wandisowetsa tulo pa nkhani ya chilungamo, ndiye ndaona kuti ndi bwino mtolowu ndiutule pamaso panu kuti tithandizane kuusenza.

Bambo akunyumba atatisiya ndinatsala ndi adzukulu awiri. Posakhalitsa akuba anathyola zenera la kukhitchini usiku, natenga wailesi ndi makina anga osokera. Mwana wanga wamwamuna amene amagwira ntchito ku Johannesburg atamva, anati, "Amayi, musadandaule, ndikubweretserani mlonda wosagona tulo." Pa Khirisimasi anafikadi ndi kamwana ka galu, kamutu waukulu ndi mapazi onga a mwana wang'ombe. Anati mtundu wake ndi Boerboel, dzina la Chiafrikaans lotanthauza galu wa alimi, chifukwa alimi a ku South Africa ndiwo ankaweta agalu amenewa kuti azilondera mafamu awo. Adzukulu anamutcha Major.

Ine ndinakulira kumudzi, kumene galu amadya mkute ndi minga ya nsomba, ndipo akadwala amadzifunira yekha udzu kutchire. Sindinkadziwa kuti pali agalu ena amene amapitiriza kukula mpaka atakwanitsa chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndi kuti wamphongo wa mtundu umenewu amatha kupitirira makilogalamu 60. Tangoganizani, amayi, kulemera koposa thumba la chimanga la makilogalamu 50! A vetenale anandilangiza zambiri. Anati adye kawiri patsiku, osati kamodzi mokhuta kwambiri, ndipo asathamange atangodya, chifukwa agalu achifuwa chachikulu chifu chawo chimatha kudzaza mpweya n'kupotokola, ndipo galu amafa m'maola ochepa. Anati asanenepe ali mwana, chifukwa mfundo za m'chiuno sizichedwa kuonongeka. Panalinso katemera, mankhwala a njoka za m'mimba, ndi mankhwala a nkhupakupa, zimene zimapereka matenda otha magazi. Chakudya cha m'matumba cha kusitolo sindikanachikwanitsa, motero ndinayamba kumuphikira mgaiwa wosakaniza ndi bonya, masamba, ndi zidutswa za nyama za kubutchala.

Tsiku lina madzulo ndinatuluka kukaanula zovala. Kuseri kwa khitchini ndinaona abambo amene amatilondera usiku atawerama pa mphika wa Major. Ankatola tizidutswa ta nyama timodzitimodzi n'kumaika m'kajumbo. Atandiona anaimirira, manja akunjenjemera, nati, "Pepani Amayi, ndimati ana akalaweko." Ndinasowa choyankha. Ndinangoti, "Palibe kanthu, bambo," n'kulowa m'nyumba, zovala zija n'kuziiwala pachingwe.

Usiku umenewo ndinakumbukira mayi uja wa ku Surofonike wa pa Marko 7, amene anauza Ambuye Yesu kuti ngakhale tiagalu timapeza nyenyeswa za ana pansi pa tebulo. Mayiyo ndi Ambuye onse ankagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti m'nyumba yolongosoka ana ndiwo ayamba kudya. M'nyumba mwanga munali mutatembenuka. Galu ndiye anali patebulo, ndipo ana a munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu ndiwo ankayembekezera nyenyeswa. Ndinatenga pensulo n'kuwerengetsa zimene Major amadya pamwezi pamodzi ndi mankhwala ake, ndipo ndinapeza kuti zinkafanana ndi malipiro a abambo aja. Ine amene ndimavala yunifolomu ya Mothers' Union, amene ndimayendera odwala ndi kupemphererera mabanja a ena, ndinali ndisanafunsepo kuti banja la munthu wogona pachipata changa limadya chiyani.

Maganizo oyamba amene anandifikira anali akuti galuyu achoke. Nditauza mnzanga wina wa m'gulu lathu anandivomereza msanga. Iye anati kuweta chinyama chotere m'dziko limene ana ena amagona ndi njala ndi tchimo, basi, palibe zokambirana. Mawu akewo ali ndi mphamvu ndipo sindiwapeputsa. Koma nditawasinkhasinkha ndinaona kuti akundipatsa njira yothawira. Kodi Major akanachoka, ndalama ija ikanapita kwa mlonda? Ndikudzidziwa ndekha. Ikanathera ku nsalu, ku mayunitsi a foni ndi ku zopereka za maukwati. Malipiro a abambo aja anali ochepa galu asanabwere, ndipo amene anawaika pamenepo ndine. Galu anangoulula chimene chinalipo kale. M'fanizo la pa Luka 16, agalu amene ankanyambita zilonda za Lazaro sanaimbidwe mlandu uliwonse. Woweruzidwa anali mwini chipata, amene ankadutsa tsiku ndi tsiku osaona.

Panalinso funso lina: akachoka apita kuti? Apa mpamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa m'matauni mwathu agalu akuluakuluwa achuluka, ndipo ambiri a ife tikudziwa momwe amasungidwira. Galu amamangidwa pa unyolo waufupi pansi pa lata, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo, madzi atauma m'mbale. Ena amamumana chakudya dala, ena amamumenya kapena kumuthirira tsabola m'zakudya, ati kuti akhale wolusa. Saona munthu wina aliyense kupatula womuponyera nsima. Tsono tsiku limene unyolo udzaduke kapena mwana adzaiwale kutseka geti, wolumidwa sakhala wakuba ayi. Amakhala mwana wa anansi amene amatola mpira, kapena mayi wogulitsa masamba. Mphamvu za agalu amenewa si zamasewera. Dziko la Denmark linaletsa kuweta Boerboel ndi mitundu ina mu 2010. Ife lamulo lathu lakale kwambiri tili nalo pa Eksodo 21, pamene akamba za ng'ombe yogunda anthu: ngati mwini wake anachenjezedwa koma osaisunga bwino, mlandu wa magaziwo umagwera iye. Galu wochititsa mantha amawumbidwa ndi manja a munthu, ndipo munthuyo ndiye adzayankhe.

Ndiye kodi chinyama chili ndi mangawa kwa ife, kapena ife ndife tili ndi mangawa kwa icho? Ena amati Mulungu anatipatsa ulamuliro pa zolengedwa, choncho tingachite nazo chilichonse. Koma buku la Miyambo, mutu 12 ndime 10, limaika kusamalira moyo wa chiweto pakati pa zizindikiro za munthu wolungama, ndipo Deuteronomo 25 imaletsa kumanga pakamwa ng'ombe imene ikupuntha tirigu. Mpingo wathu wa Anglican uli ndi Zizindikiro Zisanu za Utumiki, ndipo chachisanu, chimene chinaonjezedwa mu 1990, ndi cha kusamalira chilengedwe. Timachikumbukira pobzala mitengo pa parishi, koma chilengedwe china chagona pakhonde pathu pomwe. Major sanapemphe kuwoloka malire a mayiko kudza kuno. Sangadzifunire chakudya kudzala ngati agalu akumudzi, thupi lake silingakhutire zimenezo. Anthu ndiwo anamupanga kukhala wamkulu chotero, ndipo ine ndinamulandira ndi manja awiri. Kumutaya lero chifukwa chikumbumtima changa chandivuta kukanakhala kulipiritsa wosalakwa ngongole yanga.

Palinso mangawa a kwa anansi. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika, ndipo chimapha ana ambiri. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa katemera, matendawa amaleka kufalikira. N'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu mumzinda wa Blantyre mu 2015, ndipo ku Lilongwe bungwe la LSPCA limathandizanso pa za umoyo wa ziweto. Mayi amene salola kuti mwana wake aphonye sikelo asalolenso galu wake kuphonya katemera. Ndipo wina akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Izi ndangodutsiramo, koma muziuze ena kumiyang'anira yanu.

Tsono ndinachita chiyani? Sindinena kuti ndinapeza yankho loyera. Ndinaimbira mwana wanga n'kumuuza kuti amene anabweretsa mlonda wamiyendo inayi athandizenso pa malipiro a mlonda wamiyendo iwiri. Anayamba wadandaula kuti zinthu zavutanso kumeneko, koma anavomera. Malipiro tinakweza. Madzulo ndiwo zimene tadya ife ndi zomwe abambo aja amadya, ndipo ndikagula nyama ya mwezi ndimapatula phukusi la ana awo ndisanapatule la galu. Kupepesa ndiye kunandivuta kwambiri. Kunanditengera sabata yathunthu kuti ndiwaitane pakhonde n'kunena kuti, "Bambo, wolakwa tsiku lija sanali inu." Iwo anangoyang'ana pansi, naseka pang'ono, n'kufunsa ngati mankhwala a nkhupakupa ndagula, poti anali ataona ziwiri kukhutu kwa Major.

Mnzanga uja mpaka lero sanakhutire. Amati ndangogula mtendere wa mumtima, ndipo kuti ndalama ya galuyo ikanalipirira mwana wamasiye sukulu. Pamenepa sindimutsutsa. Chimene ndamulonjeza n'chakuti Major akadzapita sindidzatenganso wina wa mtundu umenewu, ndipo mayi aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti ayambe wawerengetsa za zaka 10, ayang'anenso kaye mbale ya wantchito wake. Galu wamba wakumudzi, wodyetsedwa bwino ndi wobayidwa katemera, amauwa mokwanira kudzutsa nyumba yonse.

Agalu akuluakulu sakhalitsa. Ambiri a mtundu wa Major amafika zaka 9 mpaka 11, ndipo iye tsopano ali ndi 8. Kukamwa kwayamba imvi, ndipo m'mawa wa mu Juni miyendo yakumbuyo imakana kudzuka. Ine sindingamunyamule, adzukulu nawo apita kusukulu zogonera komweko. Mwezi wathawu pofuna kupita naye kwa a vetenale, abambo aja ndiwo anamukulunga chitenje changa chakale pamimba, namukweza pang'onopang'ono m'galimoto ya anansi, akumulankhula motsitsa ngati akulankhula ndi nkhalamba inzawo. Anakana kupita kwawo kukagona mpaka titabwerako masana.