Phula, Mphete ndi Ulimbitso

Akhristu anzanga, sabata yatha mayi wina anabwera ndi fomu ya mwana wake kuti alandire Ulimbitso chaka chino. Mwanayo sanaonekepo ku maphunziro ngakhale kamodzi. "Aphunzitsi, ingondidindirani basi," anatero. Ndinakana, ndipo anachoka atakhumudwa.

Kale maenvelopu omata asanabwere, munthu akalemba kalata ankaipinda, n'kudonthezera phula losungunula popindapo, kenaka n'kusindikiza mphete yake phulalo lisanaume. Wolandira ankadziwa mwini kalatayo, ankadziwanso kuti palibe waitsegula panjira. Apapa ankadinda makalata ena ndi Mphete ya Msodzi pa phula lofiira mpaka m'chaka cha 1842. Mpaka lero Papa akamwalira, mpheteyo amaiwononga kuti wina asalembe m'dzina lake.

Mantha amenewa ali ndi chifukwa. Kawerengeni 1 Mafumu 21. Yezebele analemba makalata m'dzina la Ahabu n'kuwadinda ndi chidindo cha mfumuyo. Akuluakulu a mzinda anachita zonse zolembedwamo. Naboti anaponyedwa miyala, munda wake wamphesa n'kulandidwa. Kwa ife a ku Machinjiri ndi ku Bangwe nkhaniyi si yachilendo: puloti imodzi, eni ake atatu, aliyense pepala lodinda lili m'manja. Chidindo cha parishi nachonso si changa. Ndikadinda zabodza, ndiye kuti ndanamizira Mpingo.

Pa Ulimbitso, Ambuye Episkopi akamadzoza mwana pamphumi ndi mafuta a Krisma, wodinda ndi Mulungu mwini. Paulo Woyera akutiuza pa Aefeso 1:13 kuti chidindocho ndi Mzimu Woyera. Sichifafanizika, n'chifukwa chake sakramentili sitilandira kawiri. Koma phula louma silidindika, limangosweka. Maphunziro a Loweruka aja ndiwo moto wofewetsa phulalo.

Komabe ndiulule. Lachitatu ndinakawaona mayi aja kunyumba. Loweruka lililonse mwanayo amagulitsa mandasi mumsika wa Ndirande, ndipo ndalama ya lendi imachokera pomwepo. Tsiku lija ndinathamangira kukana, osafunsa n'komwe. Manyazi anandigwira.

Fomu ija sindinadindebe. Tagwirizana kuti azibwera Lamulungu Misa yachiwiri ikatha, ndipo Abambo Mfumu avomera. Atsogoleri a miphakati, ngati kwanuko kuli ana ena otere, mundipatse maina awo lero lomwe. Ndikhala panja pa tchalitchi.